Ndinamenya Munthu Amene Anandibweretsera Penshoni

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Bondo ili sililola kuti ndiime nthawi yaitali, koma ndiyamba choimirira kuti mundione bwino. Ambiri muno mumandidziwa. Ena mumanditchula Kaputeni, ena Domingo Tembo, ndipo alipo azimayi ena amene akandiona pamsika amakokerabe ana awo kumbuyo kwa chitenge. Sindiwaimba mlandu. Akulu a mpingo anandipempha kuti ndilankhule nanu inu amene mwatsala pang'ono kupuma pa ntchito, aphunzitsi, manesi, apolisi, madalaivala a ku boma. Ndinavomera, koma ndinawauza kuti sindibisa kanthu. Amene ali ndi mtima wofooka andikhululukire, chifukwa nkhani yanga ili ndi magazi.

Ndinabadwira kuno, malo ano akadali kutchedwa Feira. Atate anga anawoloka kuchokera ku Zumbo ali anyamata, ndipo moyo wawo wonse anali kupalasa bwato, kuwolotsa anthu ndi mitolo ya nsomba zouma. Ine mutu unkagwira masamu. Ufulu utabwera, kunkafunika anyamata a dziko lino oti aphunzire kuyendetsa ndeke, ndipo ndinalowa m'gulu limenelo. Mwana wa wopalasa bwato ndinavala yunifomu yoyera, mizere inayi paphewa. Ndinkagona m'mahotela a kunja, ndinkalandira alawansi ya ndalama zakunja. Pa Khrisimasi ndinkabwera kuno ndi galimoto, fumbi lili kobo kumbuyo, anthu akuthamangira kudzaona. Ndinakwatira Filomena, wobadwira konkuno ngakhale abale ake ali ku Zumbo, ndipo Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, Rozina. Kuno sindinamange ngakhale khola la mbuzi. Ndinkati Lusaka ndiye kwathu.

Kuntchito tinali ndi yunyoni. Mlembi wake anali Ba Mwale, injiniya wa m'ndeke, amene ankakhala kumbuyo kwathu ife mapailoti n'kumayang'anira makina. Anali munthu wamfupi, wamagalasi, ndipo kulikonse ankayenda ndi chikwama chofiirira chodzaza mapepala. Tinkamuseka kuti anakwatira chikwamacho.

Nthawi yosaina kontilakiti yatsopano itakwana, kampani inatipatsa njira ziwiri. Yoyamba inali yoti malipiro akwere pang'ono chabe, koma ndalama za penshoni ziziikidwa mwezi ndi mwezi m'thumba lapadera, kunja kwa kampani, kumene mabwana sangazikhudze. Yachiwiri inali yoti alawansi ikwere kwambiri pompo, koma penshoni ikhale lonjezo lolembedwa m'mabuku a kampani, lodzalipidwa munthu akapuma.

Pamsonkhano Ba Mwale anaimirira nati, "Anzanga, pailoti sakalambira pampando. Tsiku limene dokotala adzamve mtima wako ukudumpha, laisensi yapita tsiku lomwelo. Tiyeni tiike ndalama kumene tingadzazipeze ngakhale kampani itagwa."

Ine ndinali nditamwako kale. Ndinakwera pampando n'kukuwa, "Penshoni ni ya nkhalamba! Ine nifuna ndalama zanga pamanja, manje manje! Kampani ya ndeke ingagwe bwanji?"

Iye anayesa kuyankha. Ndinatsika, ndinamulanda mapepala n'kuwamwaza, ndinamugwira pakhosi pa shati n'kumukankhira kukhoma. Magalasi ake anagwa, limodzi linasweka. Anzanga anaomba m'manja. Tinakweza manja, ndipo ambiri anatsata ine. Ba Mwale anatola magalasi ake osweka, analemba zimene tinagwirizana, ndipo patapita masiku anakasaina m'malo mwa tonse, chifukwa ndiyo inali ntchito yake.

Tinadya bwino zaka zingapo. Kenako m'mawa wina tinapeza geti la kampani litamangidwa ndi tcheni, alonda ali mkati ndi agalu. Tinaligwedeza getilo mpaka linapindika. Apolisi anabwera ndi utsi wokhetsa misozi ndi zibonga, ndipo chipsera ichi chili pamphumi ndinachitenga tsiku limenelo. Titafunsa za penshoni, anatiuza kuti lonjezo lilipo koma ndalama palibe. Kampani inagwa ndi mabuku ake omwe.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene satana analowera. Ndinafunsa kuti, kodi anasaina ndani? Anati Mwale. Basi, mtima wanga unagwira dzina limenelo. Za kukwera pampando kuja ndinaziiwala zonse, ngati sizinachitike. Ndinayamba kuuza aliyense m'mabala kuti Mwale anatigulitsa, mabwana anamupatsa chiphuphu. Ndinalinena bodzali kambirimbiri mpaka ine mwini ndinalikhulupirira.

Ntchito inasowa. Ndinapeza munthu wina wamalonda amene anali ndi ndeke yakale yonyamula katundu kupita ku dziko lina kumene kunali nkhondo. Kunalibe kontilakiti, kunalibe yunyoni, malipiro ankabwera mu envulopu. Pamabokosi ankalemba kuti mankhwala, koma bokosi limodzi ankalinyamula amuna anayi. Sindinafunse. Tsiku lina tikunyamuka pabwalo lafumbi m'tchire, anayamba kutiwombera. Chipolopolo chinabowola pansi pa ndeke n'kulowa m'ntchafu mwa mnzanga amene ndinkauluka naye. Ndinamumanga ndi lamba wanga, dzanja lina lili pa chiwongolero. Magazi anadzaza pansi mpaka nsapato zanga zinkaterereka. Anayamba kuitana amayi ake, kenako anasiya. Ndinauluka maola awiri ndi mtembo pambali panga. Titatera, mwini ndeke anauza antchito kuti atsuke mpando ndi paipi ya madzi. Mkazi wa malemu atabwera kudzafunsa, anamuyankha kuti, "Nionetseni pepala lakuti mwamuna wanu anali kugwira nchito kwa ine."

Kuyambira pamenepo ndinkamwa kutangocha. Tsiku lokayezedwa m'thupi litakwana, dokotala anamva fungo ndisanakhale n'komwe pansi. Anandiyeza magazi nati akuthamanga kwambiri, ndipo anakana kusaina. Ndinamugubuduzira tebulo. Laisensi inathera pomwepo. Nyumba ya ku Lusaka inali ya lendi. Tinabwerera kuno pamwamba pa lole, titakhalira matilesi athu.

Atate anali atamwalira. Anandisiyira kanyumba, bwato ndi nkhafi yawo ya mtengo wolimba. Ndinayesa kupha nsomba, koma manja anga sankadziwa ukonde. Chimene ndinadziwa msanga ndi makomo onse ophika kachasu wa masau. Ndinkavala chipewa changa cha upailoti n'kukhala padoko tsiku lonse. Msodzi wina, Zuze, anandiseka tsiku lina kuti, "Ba Kaputeni, ndeke inyamuka nthawi yanji?" Ndinaswa botolo pamwala n'kumucheka khutu. Anthu anatipatula, nkhani inathera pa kupepesa ndi nkhuku. Ndinaona ngati ndapambana.

Amene ankatidyetsa ndi Filomena. Ankagula nsomba kwa asodzi, kuziyanika, n'kugulitsa kwa amalonda a ku Lusaka. Rozina anali ku sukulu yogonera konko, ndipo fizi yonse inkachokera m'nsombazo. Masana ena ndinabwera kunyumba ndikufuna ndalama ya mowa. Ndinamupeza akusinja chimanga.

"Nipatseni ndalama ya nsomba."

"Atate a Rozina, ija ni ya sukulu ya mwana. Khalani pansi mudye."

"Mukundiyankha ine?"

Ndinamulanda munsi. Anakweza mkono kuti ateteze mutu, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ngati nkhuni youma. Anagwa. Ndinamuponda m'nthiti kawiri. Sanalire mokweza, ankangoti, "Domingo, Domingo," dzina limene anali asananditchulepo chikwatirane. Ndinamasula mfundo ya chitenge chake, ndinatenga ndalama, ndinapita kukamwa. Anansi ndiwo anamutengera ku kiliniki. Atatuluka anawoloka kupita kwa abale ake ku Zumbo. Alongo ake awiri anabwera, anandimangirira kumtengo wa bwemba n'kundikwapula ndi chingwe cha ukonde mpaka msana unatseguka. Mukuganiza ndinaphunzirapo? Ndili pamtengo pomwepo ndinkati zonsezi ndi chifukwa cha Mwale.

Tsopano ndifike pa tsiku lija. Munali mu Okutobala, dzuwa lija lathu loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Inali nthawi ya masana, ndili padoko, nditatsamira bwato la atate, nkhafi ili pambali. Ndinaona kamdala kakafupi kakutsika njira yochokera kumsika, kakufunsa azimayi ogulitsa nsomba. Mmodzi analoza kwa ine. Tsitsi linali litachita imvi, koma chikwama chofiirira chija ndinachidziwa.

Anafika akupukuta thukuta, akumwetulira.

"Ba Kaputeni Tembo! Nakupezani. Nakusakilani maningi, mudala."

Anawerama kuti atsegule chikwama. Sindinamulole kunena liwu lina. Ndinatola nkhafi ndi manja awiri. Koyamba ndinamumenya paphewa, anagwada. Anakweza nkhope kundiyang'ana, osamvetsa. Kachiwiri ndinamumenya m'mutu, pamwamba pa khutu, ndipo phokoso lake ndimalimvabe, linali ngati dzungu lagwa kuchokera padenga. Anagwa chafufumimba m'matope. Ndinamumenyanso atagona kale. Mapepala anatuluka m'chikwama n'kumwazika, ena m'madzi, ena m'magazi.

Azimayi anakuwa. Asodzi anandigwera onse pamodzi, ndi nkhafi, ndi miyala, ndi zidutswa za matabwa. Bondo ili anaphwanya pamenepo. Wina anafuula, "Mponyeni kwa ng'ona, tatopa naye!" Anandikoka miyendo mpaka madzi anandifika pachifuwa, ndipo wina anandipondereza mutu pansi. Ndinamwa madzi a matope. Apolisi akanachedwa pang'ono, bwenzi lero mukumvera munthu wina.

Mawa lake sajeni wina wachikulire anabwera pakhomo la selo atanyamula mapepala amene anatola padoko, atawayanika padzuwa.

"Iwe Tembo, udziwa chimene uja mudala anabwerera?"



Anandiwerengera. Kampani itagwa, yunyoni inapita kukhoti, ndipo mlandu unatenga zaka zambiri. Anzathu ena anamwalira, ena anatopa, koma Ba Mwale sanaleke kupita. Pomaliza khoti linalamula kuti pa katundu wa kampani amene anagulitsidwa, antchito akale alandirepo gawo la penshoni yawo. Koma aliyense ankayenera kusaina yekha tsiku lotsekera lisanafike. Sajeni anandionetsa mndandanda wa maina. Dzina langa linali ndi mzere kunsi, ndipo pambali panalembedwa ndi pensulo kuti, "Akuti ali ku Feira. Makalata sayankha. Ndipite ndekha."

Mukuganiza kuti ndinalira? Ayi. Ndinati, "Ni boza. Afuna kubisa zimene anadya." Sajeni analavula pansi, n'kutseka chitseko.

Ba Mwale anawatengera ku chipatala chachikulu ku Lusaka, ndipo anakhala masabata angapo osatsegula maso. Akanafa, bwenzi mlandu wanga uli wakupha. Khoti linandigamula zaka zinayi.

Kundende nakonso kuli makaputeni. Selo iliyonse ili ndi mkaidi wamkulu amene amamutcha kaputeni, ndipo wathu atamva dzina langa anaseka kwambiri. "Muno kaputeni ni mmodzi," anatero, n'kundimenya chibakera pakamwa. Anandigoneka pafupi ndi chidebe chodzithandiziramo. Mowa utachoka m'thupi ndinkanjenjemera ngati wamalungo, ndinkaona njoka zikutuluka m'khoma, ndinkakuwa, ndipo akaidi anzanga ankandikhalitsa chete ndi mateche. Miyezi inapita. Palibe anabwera kudzandiona, ngakhale mmodzi.

Ndiye Loweruka lina m'mawa woyang'anira ndende anaitana, "Tembo, alendo."

Ndinaganiza kuti ndi Rozina. Nditalowa m'chipinda cha alendo ndinaona mayi wina wamtali atagwira mkono wa mwamuna amene ankakoka mwendo. Diso lake lakumanzere linali litalowa mkati, lotsekeka. Pakamwa panali patakhota. Pamutu, pamene tsitsi silinamerenso, panali chigodi choti mungaikemo chala. Dzanja lamanja linkangolendewera. Ndi dzanja lamanzere anali atakumbatira chikwama.

Ndinakhala pabenchi. Ndinagwira tebulo.

Mai Mwale anamukhazika mwamuna wawo pabenchi bwinobwino, anamukonza kolala, kenako anazungulira tebulo n'kundiwomba mbama imene inanditembenuza nkhope. Anandiwombanso ina. Anandilavulira kumaso.

"Muyang'ane! Muyang'ane bwino, galu iwe! Uyu munthu anagulitsa wailesi yake kuti apeze ya basi yobwera kwa iwe. Manje nimamusambika ngati mwana. Nimamudyetsa na supuni!"

Woyang'anira anayandikira, koma Ba Mwale anakweza dzanja lija lamoyo, ndipo onse anaima. Malovu ankatsika patsaya langa. Sindinawapukute.

Anavutika kutsegula chikwama ndi dzanja limodzi. Palibe anamuthandiza, chifukwa zinkaoneka kuti safuna. Anatulutsa buku lakale lachikuto cholimba, la maminitsi a misonkhano ya yunyoni. Anali ataika kapepala pa tsamba lina. Analikankhira kwa ine. Mawu ake ankatuluka limodzilimodzi, ngati akuwakoka m'chitsime.

"Ba Kaputeni. Namva... mumakamba kuti ninakugulitsani. Maso yanga... yasila. Werengani imwe. Mokweza."

Ndinayang'ana tsambalo. Linali dzanja lake laling'ono, lolongosoka. Ndinayamba kuwerenga. Mlembi anafotokoza njira ziwiri. Mlembi analangiza kuti penshoni isungidwe kunja kwa kampani. Kenako ndinafika pamzere wina, ndipo ndinalekera pomwepo.

"Pitirizani," anatero.

"Kaputeni Tembo anati penshoni ndi ya nkhalamba, iye akufuna ndalama pamanja. Anafunsa kuti kampani ya ndeke ingagwe bwanji."

"Bwerezani."

Ndinabwereza.

"Pansi pake."

"Kaputeni Tembo anakankha mlembi. Msonkhano unavota. Ambiri anatsata Kaputeni Tembo."

Abale, ndinakumbukira zonse nthawi imodzi. Mpando umene ndinakwerapo, fungo la mowa m'kamwa mwanga, galasi likusweka pansi pa simenti. Zaka zonsezo ndinkasaka munthu amene anadya penshoni yanga ndi ya anzanga, ndinamenya msodzi, ndinathyola mkazi wanga, ndinaphwanya mutu wa munthu uyu, koma wakubayo ankagona pa mphasa yanga tsiku ndi tsiku. Ndinatsika pabenchi n'kugwada pa simenti, bondo lophwanyikalo likundibaya. Ndinalira ngati ng'ombe ikuphedwa. Ndinagwira nsapato yake.

"Ba Mwale, nikhululukireni. Nikhululukireni."

Anachotsa phazi lake pang'onopang'ono.

"Sininabwere... kukukhululukirani. Mwina Mulungu. Ine sininakwanitse." Anapuma. "Nabwera chifukwa dzina lanu lili pa mndandanda. Ndipo ine ndine mlembi. Nyamukani musaine."

Anali atapempha khoti, ali pabedi m'chipatala, kudzera mwa loya wa yunyoni, kuti tsiku lotsekera liwonjezedwe chifukwa cha amene sanapezeke. Mmodzi wa osapezekawo ndinali ine.

Anatulutsa fomu ndi bolopeni. Ndinaigwira kuti ndisaine msanga, ndichotse manyazi pamaso pawo. Anaika dzanja lake pa pepalalo.

"Iyayi. Nthawi ino... werengani."

Ndinawerenga mzere uliwonse, ndi timalemba tating'ono ta pansi tomwe. Zinatenga nthawi yaitali, ndipo woyang'anira sanatithamangitse. Munalinso njira ziwiri: kutenga zonse kamodzi, kapena kulandira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi mpaka imfa. Munalinso malo olembapo ngati munthu akufuna kuti gawo lina lizipita kwa mkazi wake mwachindunji. Mtima wakale uja unanong'ona kuti tenga zonse, ukatuluka ugule boti la injini. Ndinayang'ana chigodi cha pamutu pa Ba Mwale. Ndinasankha za mwezi ndi mwezi, ndipo ndinalemba kuti theka lizipita kwa Filomena. Anatenga fomuyo, anaiyandikiza ku diso lake lotsala, anagwedeza mutu, n'kuiika m'chikwama. Mai Mwale anamudzutsa. Sanatsanzike. Ndinamva mwendo uja ukukhwekhwereza m'khonde mpaka phokoso linatha.

Ndiko kumuona kwanga komaliza. Anamwalira ine ndisanatuluke. Ndinalemba kalata kwa Mai Mwale, ndipo inabwerera yosatsegula. Ali ndi ufulu wonse.

Kubwerera kwanga sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo musanamizidwe kuti munthu akalira ndiye wachira. Choyamba ndinasiya kunena kuti anandilakwira. Ndikayamba kufotokoza mavuto anga, ndinkadzikakamiza kuyamba ndi mawu akuti "ine ndina". M'ndende munali kagulu ka amuna olimbana ndi mowa, kankakumana ndi abusa Lachitatu lililonse, ndipo ndinalowamo. Ndinayamba kuphunzitsa masamu akaidi ofuna kulemba mayeso. Kaputeni wa selo uja, amene anandimenya pakamwa, ndinamuphunzitsa kugawa manambala.

Nditatuluka sindinadutse njira ya padoko kwa chaka chathunthu, chifukwa makomo a kachasu ali komweko. Ndinkazungulira kutali. Chipewa chija ndinachitentha. Ndinapita kwa Zuze kukapepesa popanda nkhuku, popanda mkhalapakati, ndipo anandionetsa khutu lake nati, "Ili silimera." Ndinati ndikudziwa. Ndinawoloka kupita ku Zumbo, ndinakhala pansi pabwalo la alamu anga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Filomena anatuluka. Mkono wake suwongoka mpaka lero, sangathe kusenza mtsuko yekha. Anandimvera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Namva, atate a Rozina. Ndalama nilandira. Koma m'nyumba imodzi na imwe, iyayi." Anabwerera kuno patapita nthawi, ali ndi nyumba yake kuseri kwa msika. Tikakumana timapatsana moni. Rozina ndi nesi tsopano, ku tauni. Amandiimbira foni pa Khrisimasi, ndipo sanandibweretserepo adzukulu. Zimenezi ndi zimene ndinagula ndi manja anga, ndipo sindidandaula kwa munthu.

Tsopano inu amene mukadali pa ntchito. Ine sindinkanyamutsa ndeke ndisanawerenge mndandanda wa zoyang'ana, chinthu chimodzichimodzi, mafuta, mabuleki, zitseko, ngakhale ndinali nditauwerenga kambirimbiri. Koma pepala lonena za ukalamba wanga sindinaliwerenge ngakhale kamodzi. Pitani mukatenge kontilakiti yanu muiwerenge, ndipo pamene simukumva funsani osachita manyazi. Funsani kuti ndalama imene amakudulani imasungidwa kuti, ndipo ndani angaikhudze. Kumisonkhano ya yunyoni muzipita musanamwe, ndipo munthu wotopetsa uja wokonda mapepala muzimumvera kuposa wokuwa. Kalata yanu yoyamba yolembedwa ntchito, ndi makalata onse okwezedwa, muwasunge m'pulasitiki kumene chiswe sichifika, ndipo akazi anu kapena amuna anu adziwe pamene ali. Mangani kanyumba kwanu mukadali ndi malipiro. Phunzirani ntchito ina ya manja, chifukwa thupi limene likukudyetsani lero dokotala akhoza kulikana mawa. Akadzakufunsani kuti mutenge zonse kamodzi kapena pang'onopang'ono, musayankhe tsiku lomwelo, ndipo musayankhe nokha. Ndipo zikadzavuta, chifukwa kwa ena zidzavuta, mafaelo amasowa, miyezi imapita osalandira kanthu, mudzamva moto ukukwera pachifuwa ukufuna munthu woti umuwotche. Woyandikira kwambiri amakhala mkazi wanu. Tulukani panja. Pitani kwa mnzanu. Bwerani kwa ine.

Masiku ano ndimakhala pa benchi pafupi ndi maofesi a boma, ndimathandiza anthu kuwerenga mafomu ndi kulemba makalata. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wochokera ku Mburuma, amene anagwira ntchito ya udalaivala zaka zambiri. Sindimutchula dzina. Anali atayenda maulendo ambiri kutsatira ndalama zake, ndipo tsiku limenelo kalaliki anamuuzanso kuti abwere mwezi wamawa. Ndinamuona akutuluka, akupita pamene panali njinga yake, akumasula chikwanje chimene anamangirira kumbuyo. Nkhope imeneyo ndinaidziwa. Ndinadzikoka ndi bondo langali n'kuima pakhomo la ofesiyo.

"Mudala, chokani."

"Sinichoka. Nipatseni chikwanje."

"Nikuti chokani!"

Anandimenya ndi chigwiriro chake pakamwa. Dzino ili mukuona palibe apa linagwera pa sitepe. Magazi anadzaza m'kamwa, ndipo abale, ndisakunamizeni, Domingo wakale anadzuka yense. Ndinaona pamene ndingamumenye, pakhosi, kamodzi kokha. Manja anali atafumbata kale. Ndinakhala pansi pa sitepe pomwepo, pakati pa khomo, ndinaika manja onse awiri pansi pa matako n'kuwakhalira. Ndinamuuza magazi akutuluka, "Ngati mufuna kulowa, muyambe na ine. Koma nikuuzani, kundende kulibe penshoni."

Anaima, chikwanje chili m'mwamba, akupuma ngati wathamanga. Kenako mkono unatsika. Anakhala pansi pambali panga n'kuyamba kulira. Titapuma tinatsegula pulasitiki yake ya mapepala, tinawayala pa sitepe, tinawerenga limodzilimodzi. Chimene chinkasowa m'faelo yake chinali kalata imodzi, ndipo inali momwemo m'pulasitikimo, itamatirira kumbuyo kwa khadi la ubatizo.

Pochoka anandifunsa kuti, "Nanga bwanji simunanibwezere?" Ndinamuonetsa manja anga. Anali akunjenjemerabe, ndipo ananjenjemera mpaka madzulo. Ndinamuuza zimene ndikukuuzani inu, kuti manja awa sanachire. Ndangophunzira kuwakhalira.

Ambuye akusungeni, inu ndi a m'nyumba zanu. Ndithandizeni mpando, bondo latopa.